Phiri la Ndirande kuseri kwa tisitima tanga, patatha miyezi 9

Chithunzichi ndinachimata mu Marichi, pano tili mu Disembala, ndiye chalawa dzuwa komanso chinyezi cha kuno ku Leeds. Njanji yanga ndi ya tisitima tachidole ta sikelo ya OO, pomwe chilichonse chimachepetsedwa ka 76, ndipo ili m'kashedi kuseri kwa nyumba. Kumbuyo kwake ndinaimika hadibodi, bolodi lopyapyala la mamilimita 3, msinkhu masentimita 40, n'kumatapo chithunzi cha phiri la Ndirande chomwe ndinajambula ndekha nditapita ku Blantyre. Inde, njanji ya kwathu ndi yopapatiza, mamilimita 1,067, pomwe tisitima tanga ndi ta ku Britain. Koma phirilo ndinkalifuna pamaso panga.

Zomwe ndinachita bwino ndi ziwiri. Ndinasindikiza pa pepala losanyezimira, moti nyali za LED sizithwanima pathambo. Pakona ndinanyowetsa hadibodi kumsana n'kumupinda pang'onopang'ono mpaka anakhota ngati uta, chifukwa thambo lilibe kona. Mpaka lero diso likafika pamenepo limangodutsa.

Pomwe ndinalakwa ndi kumsana kwa hadibodiyo. Ndinapaka penti kumaso kokha. Mvula ya mu Okutobala itayamba, kumsanako kunamwa chinyezi, bolodi linatupa n'kupindika, polumikizira mapepala awiri panang'ambika kamzere koyera kuchokera pamwamba mpaka pa nsonga ya phiri. Zinandiwawa. Ndinachotsa zomangira zonse, kuumitsa bolodi m'nyumba masiku anayi, kupaka penti kumsana, kenaka kukhomerako timatabwa pa masentimita 30 aliwonse. Chiyambire pamenepo silinasunthe, koma kachipsera kaja kadakalipo. Ndinakabisa kumunsi ndi mitengo iwiri yaitali, kumwambako kamaonekabe ukayang'anitsitsa. Ntchito yomwe ikanangotenga theka la ola mu Marichi inandidyera sabata yathunthu.

China chomwe sindinachiganizire ndi mithunzi. Kanyumba ka siteshoni kankaponya mthunzi paphiri, ndipo nthawi yomweyo phiri linkasanduka pepala. Nditasendeza nyali kuti ziwale kuchokera pamwamba penipeni, mthunziwo unagwera pansi.

Mbali yoyang'ana windo yayamba kusuluka, thambo layererako, tsono ndaikapo katani. Ndikuwonjezera njanji ina chaka chamawa, ndipo bolodi lake ndagula kale. Lili m'nyumba, mbali zonse ziwiri zapakidwa penti.