Wa ku Chipata akapita ku Joni: akwerere ndege ku Lusaka kapena ku Lilongwe?

Alamu anga atamva kuti mwana wawo wadwala ku Johannesburg, anabwera kwathu madzulo foni ili m'manja. "Alamu, taonani apa. Ya ku Lusaka ndi maola awiri okha, ya ku Lilongwe awiri ndi theka. Ndipita ku Lusaka." Ndinawapempha akhale pansi kaye, tiwerenge maolawo kuyambira pakhomo pawo ku Kapata, kuno ku Chipata, osati pamene ndege yanyamuka.

Zoona, m'mwamba Lusaka ndiye pafupi. Kuchoka pa bwalo la Kenneth Kaunda kukafika pa O. R. Tambo ndi makilomita pafupifupi 1,200, pomwe kuchoka pa bwalo la Kamuzu ndi pafupifupi 1,500. Koma theka la ola lopulumutsalo umaligula ndi tsiku lathunthu pa Great East Road, msewu wa makilomita oposa 550. Basi imanyamuka kusanache, kudutsa Katete, Petauke, Nyimba, kenako mapiri okhotakhota otsikira ku mlatho wa Luangwa, kumene anthu amatsika kukagula nsomba zouma uku miyendo itachita dzanzi. Maola asanu ndi atatu amatha osadziwa. Chopweteka n'chakuti mphambano yopita ku bwalo la ndege umaiona pa zenera usanalowe m'tauni, koma ndege yatsikulo nthawi zambiri umaipeza yapita. Ndiye kugona ku Lusaka, kwa achibale kapena kulipira chipinda, m'mawa n'kufunanso takisi.

Lilongwe ali pakhomo pathu. Malire a Mwami ndi pafupi, mphindi zochepa pa galimoto, ndipo kuyambira 2022 a Zambia ndi a Malawi amadindira mapasipoti m'nyumba imodzi. Kudzera ku Mchinji, ulendo wonse wochoka ku Chipata kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 150, kenako kukhotera kumpoto mpaka ku Lumbadzi kumene kuli bwalo. Munthu amamwa tiyi kwake m'mawa, usiku wake n'kugona ku Joni.

Sindikunena kuti njira imeneyi ilibe zake. Pamafunika makwacha a ku Malawi olipirira minibasi kapena takisi, ndipo pamalire sipalonjezedwa nthawi: tsiku lina mudutsa msanga, lina mupeza mzere. Ndege zina zochoka ku Lilongwe zimayamba zatera pa Chileka ku Blantyre, choncho yang'anitsitsani tikiti musanalipire. Ku Lusaka ndege za ku Joni n'zambiri pa tsiku, ndiye mukaphonya imodzi pali chiyembekezo cha ina. Amene ali ndi zochita ku Lusaka, kapena katundu wokasiya kumeneko, njira yake ndi yomweyo.

Palinso Mfuwe. Ndege ya kampani ya Proflight imauluka kuchoka kumeneko kupita ku Lusaka pa ola limodzi ndi mphindi pang'ono, mtunda wa makilomita pafupifupi 440. Koma kufika ku Mfuwe kumadya maola awiri pa msewu, ndipo mtengo wake ndi wa alendo odzaona nyama ku South Luangwa, osati wa munthu wothamangira matenda.

Alamu anasankha Lilongwe. Ndinawaperekeza mpaka pa Mwami dzuwa likutuluka, kachikwama kamodzi ndi paketi ya nsinjiro imene mwanayo anaitanitsa. Ndisanagone tsiku lomwelo foni inalira, ali pambali pa bedi lake m'chipatala.