Kuchotsa ndulu: kung'amba pamimba kapena kuboola timabowo?

Akakujambulani ekografia (sikani yoona za m'mimba) n'kupeza miyala m'ndulu, musathamangire za mpeni. Anthu ambiri amakalamba nayo miyalayi osamva kanthu, ndipo ngati sikupweteka madokotala kawirikawiri amangoisiya. Nkhani imasintha ululu ukayamba: kupotokola pansi pa nthiti za kumanja mukadya nkhumba, chiwaya kapena zina zonona, n'kumakafika kumsana ndi paphewa, mwinanso ndi kusanza. Ululu umenewu umakonda kubwerera, ndipo chothetsa chake chodalirika ndi kuchotsa kathumba konse ka ndulu, osati miyala yokha. Musaope: ndulu imapangidwa ndi chiwindi, kathumbako kamangosunga. Kakachoka, ndulu imatsikira yokha m'matumbo. Ena amatsegula m'mimba pang'ono masiku oyambirira, koma ambiri amabwerera pa nsima ndi ndiwo zawo zonse.

Njira yakale ndi yong'amba. Anaiyamba ndi Carl Langenbuch ku Berlin mu 1882. Dokotala amacheka pansi pa nthiti za kumanja, masentimita 10 mpaka 15, n'kugwira ntchito akuona ndi maso, akukhudza ndi manja. M'chipatala mumagona masiku 3 mpaka 5, ndipo ntchito zolemetsa zimadikira masabata 4 mpaka 6. Kwa munthu wa mu ofesi ku Tete zimenezi n'zopiririka. Koma taganizirani mlimi wa mbatatesi ku Tsangano kapena ku Ulongwe, kapena mayi wosenza ndowa tsiku ndi tsiku. Khasu ndi thumba ziyenera kuyamba zapuma, chifukwa mukafulumira kunyamula, chilonda chikhoza kufooka mkati matumbo n'kutumphukira pamenepo, n'kufunikanso opaleshoni ina.

Njira inayo ndi laparoscopia, imene Erich Mühe anaichita koyamba ku Germany mu 1985. Amaboola timabowo 3 kapena 4, kalikonse pafupifupi sentimita imodzi kapena kucheperapo, amapopera mpweya wa carbon dioxide kuti mimba ifufume, kenako amalowetsa kamera ndi tizitsulo. Ambiri amatuluka tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, ndipo pakatha sabata imodzi kapena awiri amayamba ntchito zopepuka. Ululu ndi wochepa, mabala sachedwa kupola, ngakhale phewa limawawa kwa masiku angapo chifukwa cha mpweya uja.

Ndikanena za thupi lokha, laparoscopia yapambana, sindikayika. Koma imafuna makina, magetsi osazimazima ndi dokotala woizolowera, ndipo zimenezi sizipezeka pa chipatala chilichonse. Ngozi yoopsa kwambiri pa njira zonse ziwiri ndi kuvulaza mtsempha wodutsa ndulu kuchokera kuchiwindi, ndipo chokutetezani pamenepa ndi luso la wochita opaleshoniyo, osati kuchepa kwa chipsera. Dziwaninso kuti mukhoza kugona mukuyembekeza timabowo n'kudzuka ndi chilonda chachikulu: ndulu ikakhala yotupa kapena yomatirira, dokotala wabwino amasintha n'kung'amba. Kuteroko ndi kukusamalani.

Choncho mukalandira kalata yopita ku Hospital Provincial de Tete, afunseni adokotala mosachita manyazi: ndi njira iti imene amachita kawirikawiri, ndipo mudikira nthawi yaitali bwanji. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi abale amene amakana kung'ambidwa pafupi, n'kumasonkhanitsa ma meticais miyezi ndi miyezi kuti akapeze kamera ku Beira, ku Maputo kapena kuoloka pa Zóbuè kupita ku Blantyre, ululu ukubwerezabwereza. Mwala sudikira kuti fodya agulidwe. Ukhoza kutseka njira ya ndulu, opaleshoni yokonzekera bwino n'kusanduka yadzidzidzi, yomwe ndi yovuta kwambiri. Ngati ululu wangobwera kamodzi ndipo adokotala avomera, mukhoza kupempha tsiku la pambuyo pokolola. Ngati ukubwera pafupipafupi, landirani njira imene ilipo.

Mankhwala osungunula miyala alipo, ursodeoxycholic acid, koma amathandiza timiyala ting'onoting'ono ta mafuta otchedwa kolesterolo tokha, mumamwa miyezi yambiri mpaka zaka 2, ndipo mukasiya miyala imakonda kubwerera. Miyala yakuda ya anthu odwala matenda a magazi a sickle cell saisungunula n'komwe. Zomwa mafuta ophikira osakaniza ndi mandimu zisiyeni: timibulu timene timatuluka kuchimbudzi ndi mafuta omwewo ataundana, miyala ikadali mkati.

Maso akasanduka achikasu, mkodzo n'kuda ngati tiyi, thupi n'kutentha ndi kunjenjemera, kapena ululu ukapitirira maola angapo osaleka, musangoti ndi malungo n'kugula mapiritsi pamsika. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo muwauze kuti muli ndi miyala m'ndulu.