Miyezi 14 ndi mfuti ya .45-70: phewa linazolowera, chala ndicho chinandisautsa

Loweruka lapitali alamu anga anandiimbira foni ali m'sitolo ya mfuti ku Columbus, mzinda wa m'chigawo cha Ohio kuno ku America. Anali atagwira mfuti ya lever ya .45-70 yofanana ndi yanga (lever ndi chitsulo chopindika chapansi pa mfuti chimene umakankha ndi kubweza kuti chipolopolo china chilowe), ndipo funso lawo linali limodzi: "Alamu, ndigule? Paja inu munkadandaula dzanja, zinatha bwanji?" Ndinawapempha kuti abwerere kaye kunyumba ndalama zili m'thumba, ndiwafotokozera bwinobwino, ndipo zimene ndalemba panozi ndilo yankho langa kwa iwo. M'mawa wa tsiku lomwelo n'kuti nditangotenga mfuti yanga kwa mmisiri, lisiti ya madola 140 ili pampando wa galimoto, moti nkhaniyi inandipeza mtima udakali m'mwamba.

Ndinaigula mu Malichi chaka chatha pa madola 900, yogwirapo kale ntchito koma yosamalidwa. Kuno ku Ohio sungasake agwape ndi mfuti iliyonse imene wafuna. Kuyambira 2014 boma linalola mfuti zimene chigoba cha chipolopolo chake n'chowongoka, chopanda khosi longa la botolo, ndipo .45-70 ili m'gulu limenelo. Chipolopolochi n'chakale ndithu. Asilikali a America anayamba kuchigwiritsa ntchito mu 1873 pa mfuti ya Springfield, ndipo dzina lake limangonena kukula kwake, 0.45 ya inchi, ndi magireni 70 a onga wakuda amene ankathiramo (gireni ndi kamuyeso kakang'ono ka kulemera). Pambuyo pake chinalowa mu mfuti za lever monga Winchester 1886 ya John Browning. Yanga ndi ya masiku ano, ya mpope waufupi wa mainchi 18 ndi theka, yolemera makilogalamu atatu ndi pang'ono, chogwirira chake chowongoka. Dzina la kampani ndalisiya dala, poti zimene ndikufotokozazi zimachitika pa mfuti zambiri zamtunduwu.

Zabwino zake sizifuna mawu ambiri. Pa zipolopolo pafupifupi 300 zimene ndawombera, palibe chimene chinakanirira. Pa mayadi 100 imaika zipolopolo zitatu pamalo oti ukhoza kuphimba ndi chikhatho. M'tchire lowirira imanyamulika bwino, siikodwa m'nthambi. Sabata ya ulenje wa mfuti, imene imayamba Lolemba lotsatira Thanksgiving, tchuthi cha kumapeto kwa Novembala, ndinapha nayo gwape mmodzi ndi chipolopolo chimodzi, ndipo sanathamange mtunda. Lamulo la kuno limalola zipolopolo zitatu zokha mu mfuti posaka agwape, koma ziwiri zinazo ndinabwerera nazo kunyumba.

Vuto linayamba tsiku loyamba lenileni. Pogula, wogulitsa anandiikira pakauntala mabokosi awiri a zipolopolo zolemera magireni 430, nati izi ndiye zoyenera mfuti ngati imeneyi, ngakhale chimbalangondo chimagwa. Bokosi lililonse madola 70. Ndinapita nazo kumalo oyeserera kuwombera, n'kukhala pabenchi, zigongono patebulo, ndawerama. Maganizo anga onse anali paphewa, chifukwa aliyense ankandichenjeza za phewa. Nditakoka trigger, kachitsulo kaja umakoka kuti mfuti ilire, phewa linamva ndithu, koma ululu weniweni unatulukira kwina: pa mfundo ya chala chapakati cha dzanja lamanja, ngati wina wandimenyapo ndi hamala. Chipolopolo chachitatu chinang'amba khungu m'mbali mwa mfundoyo. Pofika chachisanu ndi chimodzi magazi anali atadontha pa lever, chala chachita dzanzi, ndipo ndinalongedza. Madzulo chinatupa n'kuda bii. Ntchito yanga ndi ya manja, ya m'fakitale, ndipo sabata yonse imeneyo ndinkagwira sipanala ndi zala zinayi.

Zinanditengera nthawi kuti ndimvetse chimene chimachitika. Pa mfuti ya lever, chala cha mkombaphala chimakhala pa trigger, zala zitatu zotsalazo zimalowa m'chitsulo chopindika chija cha lever. Pakati pa malo a trigger ndi malo a zala zitatuzo pali kachitsulo kopingasa, ndipo chala chapakati chimagona kuseri kwake. Mfuti ikalira imabwerera m'mbuyo mwamphamvu, dzanja lisanadziwe n'komwe. Ngati chogwirira chili chowongoka ngati changa, palibe chimene chimakoka dzanja kuti lipite limodzi ndi mfuti. Mtengo umangotsetsereka m'chikhatho, kachitsulo kaja n'kupeza fupa la chala lili pomwepo. Mfuti ya chogwirira chopindikira pansi imakankha chikhatho, dzanja n'kubwerera nayo limodzi, ndiye kugundako kumachepa.

Poyamba ndinkaganiza kuti mankhwala ake ndi kugula zinthu. Ndinagula magolovesi okhuthala a madola 35. Zala zitatu zovala magolovesi zinadzaza malo onse a lever, chala chapakati chinapanikizika pa kachitsulo komweko, ndipo kugunda kunangofika msanga. Khungu silinang'ambike, koma fupa linamva chimodzimodzi. Ndinabwerera kwa wogulitsa uja ndi chala chomanga pulasitala. Anachiyang'ana, nati aliyense amadutsa momwemo, yankho ndi lever yaikulu, ya malo otakasuka. Madola 95. Sindinganame, m'nyengo yozizira lever yaikuluyo ndi yabwino, dzanja la golovesi limalowa ndi kutuluka mosavuta. Koma kachitsulo kopingasa kaja kanali pamalo pake pomwe, ndipo chala chinapitiriza kumenyedwa. Chinanso, chifukwa cha malo aakuluwo, potsegula lever msanga kuseri kwa zala kumayamba kwayenda kaye kenako n'kudzigunda pachitsulo, moti ululu unawonjezeka mbali ina.

Kenaka ndinakulunga lever ndi chingwe cha nayiloni. Apa alamu mumvetsere, chifukwa ndinachita mantha. Ndinakulunga mozungulira monse, ngakhale mbali yapamwamba imene imakhudza mtengo wa mfuti lever ikatsekedwa. Kufika koyeserera, ndaloza chandamale, ndakoka trigger, zii. Mfuti zambiri za lever zili ndi kachitsulo kakang'ono pansi, kamene lever imakadinikiza ikatsekeka mpaka kumapeto, ndipo popanda kudinikizidwa trigger siigwira ntchito. Anakaika dala kuti mfuti isalire isanatsekeke bwino. Chingwe changa chinali chitakhuthala moti lever inkatsala pang'ono kwambiri kufika, kampata koti diso silingaone msanga. Ndinachotsa zipolopolo zonse, n'kudula chingwecho pomwepo ndi mpeni. Pambuyo pake ndinagula kachikopa kopyapyala ka madola 20, ndinakanyowetsa, n'kukasokerera mbali yapansi ndi pa kachitsulo kopingasa pokha, pamwamba n'kusiya chitsulo chili mbee. Chikopa chikauma chimagwira nganganga. Chimenechi chinathandiza, makamaka kuseri kwa zala. Chovuta chake n'chakuti chimasunga chinyezi. Nditasaka tsiku lamvula sindinachichotse, ndipo patapita milungu itatu ndinapeza timadontho ta dzimbiri pansi pake.

Pofika mu Julayi mtima unali utachoka pa mfutiyi. Ndinkaiona m'kabati n'kumva chala chikugunda ndisanaigwire. Choipa kwambiri, kuwombera kwanga kunasokonekera. Zipolopolo zinayamba kugwera pansi ndi kumanzere kwa chandamale, ine n'kumanena kuti mfuti yasintha.

Amene anandithandiza ndi bambo wina wachikulire amene amabwera kumalo oyesererako pafupifupi Loweruka lililonse. Anandiyang'ana ndikuwombera katatu, kenako anapempha kuti andiikire okha zipolopolo ine nditatembenuka. Pakati pa zenizeni anaikapo chabodza, chopanda onga. Nditafika pa chimenecho mfuti inangoti kete, koma mpope unagwa pansi, maso anga atatsinzina, dzanja lamanja litamasuka lokha kuthawa chitsulo. Ndinadzionera ndekha kuti thupi linali litaphunzira kuopa. Ndipo kumasula dzanjako ndi kumene kunkapatsa mfuti mpata woti itsetsereke kwambiri, chala n'kumenyedwa koposa.

Bambowo sanandigulitse kanthu. Anandiimiritsa, kuchoka pabenchi, mfuti n'kuitsamiritsa pa timitengo tiwiri topingasa. Anati munthu ukawerama patebulo thupi limakhala ngati chipupa, mphamvu yonse imathera pa iwe, koma ukaima, phazi limodzi kutsogolo, thupi limapepesuka n'kubwerera nayo. Anabweza dzanja langa lamanja m'mbuyo pang'ono kuti pakati pa chala chapakati ndi kachitsulo kaja pakhale mpata wokwana chala china. Anati zala zitatuzo zifinye mtengo zolimba ngati wagwira mpini wa nkhwangwa, cha mkombaphala chokha ndicho chikhale chomasuka, ndipo dzanja lamanzere lisamangonyamula mfuti, lizikokera thako lake m'phewa. Atatero anatulutsa m'thumba mwawo zipolopolo zisanu za magireni 405, zija amazipanga mofatsa kuti zigwirenso mu mfuti zakale za Springfield.

Sindidzaiwala chipolopolo choyamba cha zimenezo. Ndinakonzeka kumva hamala ija, koma mfuti inangondikankha ngati munthu wakukankha ndi chikhatho, mpope unakwera pang'ono n'kubwerera. Chala sichinakhudzidwe n'komwe. Ndinawombera zonse zisanu ndipo ndinkafuna zina. Kunyumba ndinakhala pansi ndi pepala. Chipolopolo cha magireni 405 ndi magalamu 26, ndipo chofatsacho chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 400 pa sekondi. Cha magireni 430 ndi magalamu 28, koma chimene ndinagulitsidwa ine chimathamanga pafupifupi mamita 580 pa sekondi. Kulemera kwa chipolopolo ukachulukitsa ndi liwiro lake, ndiye kukankha kumene mfuti ya makilogalamu atatu iyenera kubweza kwa iwe, ndipo mphamvu imene thupi limalandira pa cholemeracho imaposa kawiri ya chofatsacho. Mabuku a anthu odzipangira zipolopolo amagawa .45-70 m'magulu atatu a mphamvu: la mfuti zakale, la mfuti za lever zamakono, ndi la mfuti zolimba koposa. Ine ndinayambira kumapeto kwenikweni kwa zimene mfuti yanga ingapirire, pofuna gwape amene chofatsa chija chimamugwetsa bwinobwino pa mayadi 100. Gwape wanga wa chaka chatha anagwa ndi cha 405 chomwecho.

Mantha a m'thupi sanathe tsiku limodzi. Ndinatha miyezi iwiri ndikuwombera kamfuti ka .22 kambirimbiri, .45-70 n'kumangowombera zisanu kapena zisanu ndi chimodzi pa ulendo, mpaka maso anasiya kutsinzina.

Lisiti ya mmisiri ija ndi ya zinthu zitatu. Anaika labala yofewa kuthako la mfuti, imene yathandiza phewa ndi kutalikitsa mfuti pang'ono, ngakhale pa chala sindinaone kusintha. Anapala m'mphepete mwa lever mmene munali mwakuthwa, nachotsa dzimbiri lija. Anafewetsanso kachitseko kolowetsera zipolopolo m'mbali, kamene kankanditsina nsonga ya chala chachikulu nthawi iliyonse ndikamakankhira chipolopolo chomaliza. Ntchito yake ndi yaukhondo ndipo anandiuza mtengo asanayambe. Za lever yaikulu anangoti ikanakhala yake sakanasintha.

Masiku ena ndimaikonda kwambiri mfutiyi. Ndikaima m'tchire m'mawa kukuzizira, ili m'manja yaifupi, yopepuka, ndimaona kuti sindinalakwitse. Masiku ena ndikawerengetsa ndalama mtima umawawa. Pamwamba pa madola 900 ndawonjezera 290 pofuna kupulumutsa chala chimodzi, osawerengera 140 ya mabokosi awiri aja a zipolopolo zolemera, ndipo pa ndalama zimenezo zimene zinagwiradi ntchito ndi kachikopa ka madola 20 ndi ntchito ya mmisiri. Zipolopolo wamba nazonso si zotchipa, ine ndimagula pa madola awiri ndi theka chimodzi, ndiye Loweruka limodzi loyeserera limadya ndalama ya mafuta a galimoto a sabata yonse.

Bokosi lachiwiri la zipolopolo zolemera lija likadali losatsegula. Nditapita nalo kusitolo anakana kulilandira, ndipo pamenepo sindiwadandaula, masitolo ambiri kuno salandiranso zipolopolo zikatuluka pakhomo. Chimene chimandipweteka n'chakuti wogulitsayo sanandifunse ngakhale kamodzi kuti ndikukasaka chiyani, kapena ngati ndinawomberapo mfuti yamphamvu chotere. Ndinamuuza kuti ndine woyamba kumene. Anaona chala changa chili ndi bala, mashelefu ake ali ndi mabokosi a 405 ofatsa aja, koma anasankha kundigulitsa lever. Mu Julayi muja, nditafooka, ndinamufunsa kuti angandipatse zingati ndikaibweza mfutiyo. Anati madola 550, pa mfuti imene anandigulitsa yekha pa 900 miyezi inayi m'mbuyomo, ili ndi lever yake yatsopano.

Sindinaigulitse, ndipo panopa sindikufunanso kuigulitsa. Alamu, Loweruka likubwerali bwerani kuno musanalipire kalikonse. Tikawombera yanga titaima, muyambe ndi za 405, kenako ndidzatsegula bokosi lija muyese chimodzi chokha kuti mumve kusiyana kwake ndi dzanja lanu. Mukaikondabe, funani ya chogwirira chopindikira pansi, lever muisiye mmene yabwerera, ndipo tikagule kwa mmisiri wanga uja, amene amakhala nazo zingapo zogwirapo kale ntchito. Kusitolo kumene ndinagula yanga sindikuperekezani.