Raymarine ST2000+: wogwira tsigiro anzanu akatsikira panjira

Pa maulendo a m'chilimwe kugombe la kumwera kwa England, anthu amanyamuka anayi, ena tchuthi n'kuwathera, n'kukwera sitima yapamtunda kudoko la Plymouth. Mwini bwato akatsala yekha, chimene chimamuperewera ndi manja. Simungagwire mkono wa tsigiro uku mukupinda thanga kumlongoti. Ntchito ya Raymarine ST2000+ ndi imeneyi: kamakina kokhala ndi kampasi mkati, kamene kamakankha kapena kukoka mkono wa tsigiro kuti bwato lisachoke pamzere.

Kampani imati kamakinaka ndi ka bwato losapitirira makilogalamu 4,500, pamene kang'ono kake, ST1000+, kamalekeza pa 3,000. Powerenga kulemera onjezanipo 20 peresenti ya madzi, mafuta ndi katundu. Mwachitsanzo, bwato la mtundu wa Westerly Centaur limapitirira pang'ono makilogalamu 3,000 musanalongedzemo kanthu, choncho musadzinyenge ndi mtengo wotsika wa kakang'onoko. Kusiyana kwina ndi changu: ST2000+ imayendetsa ndodo yake kuchoka kumapeto kufika kumapeto ena m'masekondi 4.5, inzakeyo 8.

Poyika musayeze ndi maso. Kamsomali ka pamkono wa tsigiro kakhale mamilimita 460 kuchokera pamene tsigiro limazungulirapo, ndipo bowo lokhazikapo makina likhale mamilimita 589 kuchokera pakamsomaliko, tsigiro lili pakati. Mukaphonya, bwato limakhota kwambiri mbali imodzi, ina pang'ono. Mukatha, zungulirani ndi bwato pang'onopang'ono pamadzi odekha kuti kampasi idzikonze, ndipo sipika kapena chitsulo zikhale patali.

Chokoma kwa munthu mmodzi ndi AutoTack. Mukadina mabatani a +1 ndi +10 pamodzi, bwato limakhotera kumanja madigiri 100, inu manja onse ali pazingwe za thanga lakutsogolo. Magetsi sikadya kwambiri: pakati pa 0.5 ndi 1.5 amp pa batire ya 12V, malinga ndi mmene nyanja ilili.

Zofooka zilipo. Makina otere amadana ndi madzi, ngakhale ntchito yawo ndi yapanja. Madzi amchere akalowera m'mabatani kapena pomwe ndodo imatulukira, zamagetsi zamkati zimadyeka, n'chifukwa chake ambiri amawasokera chophimba. Komanso kamakinaka sikaona funde likubwera, kamangoyankha bwato litakhota kale. Mafunde akamachokera kumbuyo kamachedwa, bwato n'kuyamba kupepeluka. Thanga lalikulu likachuluka mphepo, bwato limakakamira kukhotera kumphepo, ndodo imafika kumapeto, mota n'kumalirabe mpaka zamkati kuwonongeka. Mankhwala ake ndi kuchepetsa thanga msanga, pamene tsigiro likugwirika ndi zala ziwiri, kenako n'kudina batani la auto.

Ngozi yeniyeni ndi iyi: mukagwera m'madzi, ST2000+ idzapitiriza ulendo popanda inu. Valani lamba wachitetezo, mudzikole kuchingwe choyala kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo musanatuluke pokhalira. Lamulo lachisanu la COLREG, malamulo apadziko lonse opewera kugundana panyanja, limafunabe kuti munthu aziyang'ana ndi kumvetsera nthawi zonse, makina akuwongolera kapena ayi.

Pa maulendo a tsiku limodzi, doko ndi doko, n'koyenera kugula. Wowoloka nyanja masiku angapo atenge makina awiri, kapena aike chiwongolero choyendera mphepo ngati Hydrovane, chimene sichifuna batire.