Ndemanga yanga pa mmisiri amene amatichitira sevisi kompulesa ndi magani opopera penti

Ndili ndi galaja yowongola ndi kupenta magalimoto ku Biwi, mumzinda wa Lilongwe. Timagwiritsa ntchito kompulesa ya lamba ya malita 200 ndi magani atatu. Chaka chatha ndinapangana ndi bambo ena, mmisiri wa makina amenewa, kuti azibwera pa miyezi itatu iliyonse kudzawaona asanafe. Abwera kanayi tsopano, ndiye ndili ndi chonena. Pa nyenyezi zisanu ndikuwapatsa zinayi.

Chinandikankha ndi minibasi imene tinapenta mu Febuluwale, mvula ili pakati. Penti inatuluka timatuza padenga ndi pazitseko ngati mwana wapsa ndi phala. Tinapala n'kupentanso, ndalama yachiwiriyo ikuchokera m'thumba mwanga, ine ndili kalikiliki kunyoza wogulitsa penti.

Tsiku loyamba bambowa sanakhudze gani n'komwe. Anagwada pansi pa thanki n'kutsegula kavalavu kamene tonse tinali titaiwala kuti kalipo. Kunatuluka madzi ofiira ndi dzimbiri, ochuluka moti anyamata anga anangoti kukamwa yasa. Anatifotokozera kuti mpweya ukapanikizidwa umatentha, ndipo ukamazizira m'thanki chinyezi chake chimasanduka madzi, makamaka m'dzinja. Ena amatsata paipi mpaka kukagwera pagalimoto ya kasitomala, ena amatsala n'kumadya thanki m'kati, kumene diso silifika. Sefa yotchinga madzi tinali nayo ndithu, koma tinaimangirira pakamwa penipeni pa kompulesa, pamene mpweya ukadali wa moto, choncho chinyezi chinkangoidutsa. Iwo anaisunthira kutali, pafupi ndi pamene timapopera. Kungosuntha basi, osagula chilichonse, ndipo kuchokera tsiku limenelo matuza sindinawaonenso.

Pa nkhani ya oyilo ndinachita manyazi. Tinkathira wa injini, wotsala tikachita sevisi galimoto. Iwo anati ameneyo amasiya mwaye pa mavalavu, ndipo anamukhuthula n'kuikamo oyilo weniweni wa kompulesa. Ulendo uliwonse amaona sefa yokokera mpweya, imene fumbi la mu Okutobala limaitseka msanga, amayesa ngati lamba sanakhwepe, n'kukoka kamphete ka valavu yotetezera kuti atsimikize kuti sinaume. Izi amazichita mwachangu, palibe chodabwitsa.

Pamene ndinaona kuti ndalama yanga sinapite pachabe ndi pa magani. Anyamata anga anali ndi chizolowezi choviika gani yathunthu mu thinazi usiku wonse, m'mawa n'kumatokosa timabowo ndi waya. Bambowa anatola wayayo n'kundionetsa. "Bwana, amene akukudyerani penti ndi uyu." Thinazi amaumitsa timalabala ta m'kati, ndipo waya amakulitsa kapena kupotoza timabowo totulukira mpweya. N'chifukwa chake gani yathu ina inkalemba penti yokhota ngati nthochi, mbali imodzi yonenepa, ina yopyapyala. Anasintha singano, nozo (kamlomo kotulukira penti) ndi kachipewa ka kutsogolo zonse pamodzi, ati zitatuzi sizisinthidwa chimodzichimodzi. Anatiuzanso kuti gani ya nozo ya mamilimita 1.8 ikhale ya pulaimala (penti yoyamba ya pansi) yokha, ya 1.4 ikhale ya penti yomalizira, zisamabwerekane. Kenako anakhala pansi ndi anyamatawo pafupifupi ola lathunthu, kuwaonetsa kumasula, kutsuka ndi kaburashi kofewa, kupukuta ndi kumanganso. Amisiri ambiri sachita zimenezi, amabisa nzeru kuti uziwaitanabe.

Nyenyezi yachisanuyo yagwera pa zinthu zinayi. Nthawi sasunga: akati afika 8 koloko, dziwani kuti mudya nsima kaye, ndipo tsiku limenelo ntchito yopenta imaima. Timalabala ta gani imodzi tinadikira milungu isanu, ati tikuchokera ku Joni, pamene akanatha kundiuza pasadakhale kuti ndiitanitse tiwiri. Komanso salemba chilichonse. Ndinachita kugula kope ndekha n'kulipachika pamsomali pafupi ndi kompulesa kuti tizidziwa tsiku limene oyilo anasinthidwa. Ulendo wachitatu anangokhala mphindi 40 koma malipiro anali omwe aja, ndipo zinandiwawa pang'ono, ngakhale ndikudziwa kuti anapeza zochepa chifukwa anyamata ayamba kusamala.

Kwa amene muli ndi galaja kapena shopu yopopera vanishi pa mipando, mmisiri wotere muitaneni ngakhale kamodzi, ndipo anyamata anu akhalepo tsiku limenelo, asapite kokagula zitsulo. Ine pangano ndalikonzanso, koma ndachepetsa. Azibwera kawiri pachaka, mu Novembala mvula isanayambe ndi mu Meyi ikatha. Kavalavu ka pansi pa thanki ndakapereka kwa mnyamata wamng'ono pa onse, ndipo satseka geti madzulo asanakatsegule.