Ndemanga: kuyezetsa autism uli wamkulu kale, kuno ku Zomba

Ndapereka nyenyezi zinayi mwa zisanu kwa katswiri wa zamaganizo amene anandiyeza. Yachisanuyo ndawamana chifukwa cha mtengo komanso kuchedwa kwa lipoti, koma ntchito yeniyeniyo anaigwira mwaluso.

Kuno ku Zomba ukangotchula zokaonana ndi katswiri wa zamaganizo, anthu amathamangira kuganiza za Zomba Mental Hospital, ngati kuti aliyense wopita kotero mutu wamuzungulira. Ine ndinapita kwa mayi wina, katswiri wa zamaganizo amene amaona anthu payekha m'tauni momwemu. Ndinkafuna kudziwa ngati zimene ndakhala nazo kuyambira ndili mwana zili autism, mkhalidwe wa ubongo umene umakhudza mmene munthu amachezera ndi ena komanso mmene amamvera zinthu zomuzungulira: kutopa msanga ndi phokoso, kusamva nthabwala za anzanga kuofesi, kusokonezeka zinthu zikasintha mwadzidzidzi popanda kundiuza.

Musayembekezere jakisoni kapena makina. Satenga magazi, sajambula mutu. Autism saipeza m'magazi. Kuyeza konse ndi kucheza, mafunso apapepala ndi timasewero tina, ndipo sikutha tsiku limodzi.

Tinayamba ndi mapepala. Panali mafunso 50 otchedwa AQ, amene anakonzedwa ku Cambridge ndi Simon Baron-Cohen ndi anzake m'chaka cha 2001. Umasankha ngati ukugwirizana ndi chiganizo kwambiri, pang'ono, kapena ayi. Ena anandigwira pamtima, monga lija loti kodi umakonda kuona ndi kusunga m'mutu manambala a galimoto. Ine minibasi za Zomba–Blantyre ndimazidziwa ndi manambala, osati ndi makondakitala ake. Koma ena anali achilendo ndithu. Funso lina limati kodi ungakonde kupita kukaonera zisudzo kuholo kapena kumyuziyamu. Munthu wokulira ku Jali ayankha bwanji pamenepo? Ndinafunsa, ndipo amayiwo anaseka n'kunena kuti, "Yankhani mmene mukuganizira, achimwene. Pepalali silimapereka chigamulo, limangotilozera koyang'ana." Mawu amenewa anandikhazika mtima pansi. Anthu ambiri amayankha mafunso omwewa pa intaneti n'kudzigamula okha, pomwe iwo anapangidwa kuti azingosefa basi. Panalinso timafunso tifupitifupi ta nkhawa ndi kukhumudwa, GAD-7 ndi PHQ-9, chifukwa mavuto amenewa nthawi zambiri amayendera limodzi ndi autism kapena amafanana nayo.

Kenaka kunabwera gawo loyeza kaganizidwe, lochokera mu mayeso otchedwa WAIS. Amakupatsa timabuloko tofiira ndi toyera kuti upange chithunzi chofanana ndi cha pakadi, iwo atagwira wotchi. Amatchula manambala kuti ubwereze, kenaka uwabwereze chobwerera m'mbuyo. Apa sindinavutike. Gawo la matanthauzo a mawu a Chingerezi ndiye anandiuziratu kuti saliwerengera kwambiri, popeza mulingo wake anaukonzera anthu akunja amene Chingerezi anachiyamwira. Ndinayamikira chilungamo chimenechi. Mayeso amenewa sanena ngati uli ndi autism, amangoonetsa kumene mutu wako uli ndi mphamvu ndi kumene umachedwa.

Gawo limene linandichititsa manyazi, komanso limene ndikuona kuti linali lofunika, ndi la ADOS-2, mayeso oona mmene munthu amachezera, gawo lake la anthu akuluakulu olankhula bwinobwino. Limatenga pafupifupi ola. Anandipatsa buku la zithunzi zokhazokha, muli achule akuuluka usiku, n'kuti ndifotokoze nkhani yake. Ine ndinayamba kuwerenga achulewo ndi kufotokoza nthawi imene wotchi ya m'chithunzi ikuloza. Za nkhope ya bambo wodabwa pawindo sindinanene kanthu mpaka atandifunsa. Kenaka anandiuza kuti ndiwaonetse mmene munthu amatsukira mano, ndi manja okha, popanda mswachi. Bambo wandevu zake, patebulo, kutsuka mano a mphepo! Pomaliza anathira tinthu patebulo, kagalimoto, chingwe cha nsapato, kasiponji, n'kuti ndipeke nthano. Pakati pa zonsezi amafunsa mwakachetechete: mnzako weniweni ndi wotani, umamva bwanji m'thupi ukakwiya, n'chifukwa chiyani anthu amakwatira. Palibe yankho lolondola. Iwo akuyang'ana mmene ukugwiritsira ntchito manja, nkhope ndi mawu, komanso ngati kucheza kukupita uku ndi uku kapena ukungolankhula wekha.

Apa ndi pamene ndinaona kuti ndalama zanga sizinapite pachabe. Mabuku akunja amati kusayang'ana munthu m'maso ndi chizindikiro. Koma ife tinaleredwa kuti mwana woyang'anitsitsa wamkulu m'maso ndi wamwano. Mwana wokhala phee amatamandidwa kuti ndi wofatsa, waulemu. Katswiri wosadziwa kwathu kuno akhoza kuona autism pamene pali mwambo chabe, kapena kuiphonya chifukwa mwambowo waibisa. Amayiwa sanangolemba kuti sindiyang'ana m'maso. Anandifunsa ngati ndimatero kwa akuluakulu okha, kapena ngakhale kwa mng'ono wanga ndi kwa ana. Anafunsanso za malonje: kodi ndimawachita mwachibadwa, kapena ndinachita kuwaloweza ngati ndime ya Sande sukulu? Zoona zake ndinawaloweza, ndipo ndikachoka pamaliro kapena pachinkhoswe ndimafuna tsiku lathunthu ndili ndekha kuti mutu ubwerere m'malo. Anandifotokozera kuti akuluakulu ambiri, makamaka amayi, amaphunzira kubisa motere, n'chifukwa chake amadziwika mochedwa.

Konzekerani kubwera ndi munthu amene anakuonani muli khanda. Buku la DSM-5, limene akatswiri a zamaganizo amatsata poyeza, linatuluka mu 2013 n'kuphatikiza Asperger (vuto limene kale linkawerengedwa palokha) m'gulu limodzi la autism, ndipo limafuna kuti zizindikiro zikhale zoti zinayamba ubwana. Choncho anacheza ndi mayi anga paokha. Poyamba mayi anakana, amvekere, "Mwana wanga si wodwala, anakhoza mayeso onse." Koma atafunsidwa za masewero anayamba kukumbuka: kuti anzanga akamasewera mpira wachikulunga ine ndinkandandalika zitsekerero za mabotolo potsata mitundu, kuti ndinkatseka makutu kuchigayo, kuti yunifolomu yatsopano ndinkaikana mpaka ichapidwe kangapo. Ngati kadi yanu ya kusikelo kapena malipoti akupulayimale alipo, tengani. Ngati makolo anatisiya, azakhali, amalume kapena achemwali aakulu akhoza kuthandiza.

Zodandaula zanga ndi izi. Mtengo ndi wokwera kwa munthu wolandira malipiro wamba, ndipo sanandiuze poyamba kuti kukambirana zotsatira kuli ndi mtengo wakewake. Chipinda chili pafupi ndi msewu, njinga zamoto zikungodutsa, zomwe n'zodabwitsa pamalo oyezera anthu amene phokoso limawasautsa. Mapepala onse ndi a Chingerezi. Amamasulira pakamwa ukafunsa, koma munthu amene sukulu sanapite nayo patali angavutike. Lipoti linachedwa kupitirira tsiku limene analonjeza, ndinachita kukumbutsa pa WhatsApp.

Litafika, linali lomveka. Linanena kuti ndili ndi autism pa mlingo woyamba mwa itatu ya DSM-5, kutanthauza wofunika chithandizo chochepa, komanso nkhawa imene ikufunika kuithandiza payokha. Mankhwala ochiza autism kulibe, ndipo sanayese kundigulitsa kalikonse. Tsamba lomaliza linali la malangizo oti ndingaonetse abwana ngati ndafuna: kundipatsa ntchito molemba osati pakamwa pokha, kundiuziratu misonkhano ikasintha, kundilola kuvala zotseka m'makutu. Musanalipire kulikonse, funsani ngati woyezayo anaphunzira ADOS-2, ngati adzacheza ndi wachibale wanu, komanso ngati mtengo umene akutchulawo ukuphatikiza lipoti lolembedwa ndi tsiku lokambirana zotsatira.