Malo ndi abwino, koma za pageti zinandiwawa

Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, ndinatenga amayi, mkazi wanga ndi ana awiri kupita ku hotela ina yaikulu ya m'mbali mwa nyanja, mumsewu wa ku Monkey Bay. Tinkangofuna nkhomaliro, ana asambeko, madzulo tibwerere ku Mangochi Boma.

Pageti mlonda anatiimitsa mwaulemu ndithu. "Pepani bwana, amene sakugona kuno, mutu uliwonse ukulipira polowa." Ndinafunsa ngati ndalamayo aichotsera pa bilu ya chakudya. Ayi. Mwana wa zaka 6 naye? Naye. Chonsecho dzulo lake ndinaimba foni kufunsa mitengo ya chakudya, ndipo za geti sanatchule.

Amayi anabadwira ku Makawa. Anakula akuchapa ndi kutsuka mbale m'nyanja yomweyi, bambo awo akupha usipa usiku ndi nyali. Atamva nkhaniyo anayamba kumasula mfundo ya pachitenje, mmene amamangamo tindalama tawo. "Mwanawe, ndiye nyanja ayamba kugulitsa?" Ndinawagwira dzanja, n'kulipira ndekha, mtima ukuwawa.

Mkatimo sindinganame. Mchenga ndi wosesedwa, wopanda magalasi osweka, zimbudzi zaukhondo, ndipo panali mnyamata woyang'anira ana osamba. Chambo chowotcha chinali cha tsiku lomwelo, nsima yotentha, ngakhale tinadikira pafupifupi ola.

Chifukwa chawo ndikuchimvetsa. Paholide anthu timakhamukira kunyanja ndi zakumwa zathu ndi masipika, pamene amene walipira chipinda akufuna bata. Koma ku Cape Maclear, ku Lake Malawi National Park, malo amene UNESCO, nthambi ya United Nations, inawaika pa mndandanda wake wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, polowa amalipiritsanso, ndipo Mmalawi amalipira zochepa kusiyana ndi mlendo wakunja. Hotela ikulephera bwanji kuganizira anthu a m'midzi yoyandikana nayo? Ikani chikwangwani kumsewu, nenani pafoni, ndipo amene wadya chakudya chanu mumuchotsere ya pageti pa bilu.

Ndikupereka nyenyezi zitatu. Amene mukufuna kupitako, funsirantu za geti musanathire mafuta. Amayi anakhala masana onse mapazi ali m'madzi, akuloza ana kumene mabwato a agogo awo ankakocheza, koma pobwerera anandiuza kuti chaka chamawa tidzangopita kudoko la kwawo.